Laji ya kwa Nasingano

Shopu ya Nasingano inali m'chipinda chachitali kuseri kwa sitolo yogulitsa utoto ndi misomali. Kutsogolo kunali mashelefu, galasi lalitali ndi katani yobiriwira yobisa poyesera zovala. Pakati panali makina osokera anayi ndi atelala ake. Kumapeto kwenikweni kunali tebulo lalikulu lodulira nsalu, pomwe achemwali ake aakulu a Nasingano ankaima tsiku lonse, choko kukhutu, sizasi m'manja. Dzina lakuti Nasingano adampatsa ndi makasitomala, ndipo silinali la ntchito yokha. Mayiyu anali wochepa thupi, wachangu, wakuthwa pakamwa. Akakulasa ndi mawu unkaseka naye, ululu nkudzaumva utafika kale kunyumba.

Ankasoka matisheti a azimayi okhaokha, ndipo azimayi ankalambalala masitolo akuluakulu kudzagula kwa iye. Chifukwa chake akuchidziwa aliyense amene adavalapo tisheti yogula. Matisheti a m'masitolomo ankakhala ngati adawasokera zidole. Tisheti ikakwana pachifuwa inkaluma m'khwapa, ikakwana m'mapewa inkathera pamchombo, ukakweza dzanja kuti ugwire chitsulo m'basi msana wonse pamtunda. Ukathawira ku matisheti a amuna unkaoneka ngati walowa m'thumba la makala. Za saizi ndiye osanena: laji ya sitolo iyi inali simolo ya sitolo iyo, ndipo munthu ankatuluka m'chipinda choyesera ali thukuta kamukamu, osadziwa ngati chalakwa ndi chovala kapena thupi lake.

Nasingano adayamba ntchito yake atatopa ndi zomwezo. Iye ndi achemwali ake adayenda ndi tepi kuyeza azimayi enieni, oyamwitsa, a mimba zotsalira, a mikono yonyamula madengu, ndipo adadula mapatani a katoni nawapachika pamisomali pamwamba pa tebulo. Lebulo, kansalu koyera kapakhosi kolembedwa saizi, ankaisoka Nasingano mwini ndi dzanja lake. Kwa zaka khumi ndi ziwiri anthu ankati laji ya kwa Nasingano ndi laji. Mzimayi ankangolowa, kutchula saizi ndi mtundu, nkutuluka osayesa nkomwe.

Mwana anali naye mmodzi, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Adakulira pansi pa makina akutola mabatani, ndiye atelala adamutcha Kabatani, ndipo dzinalo lidamukakamira ngakhale atawapitirira amayi ake ndi mutu wathunthu. Thupi adatengera bambo ake, amene adamwalira iye ali wamng'ono: mapewa otambalala, miyendo yolimba, mafupa osabisika. Kusukulu ankasewera mpira wamanja, ndipo anzake ankati kudutsa pamene waima Kabatani kuli ngati kukankha khoma. Ankadya mosangalala, ankaseka mpaka wa sitolo ya utoto kumva. Iyenso ankavala laji, ndipo ankangotenga pashelefu ngati akutenga mchere kukhitchini.

Vuto lidalowa ndi mpukutu wa nsalu. Ogulitsa adasintha katundu, ndipo mipukutu yatsopano idabwera yochepa m'lifupi ndi chikhatho chimodzi. Mapatani amene ankagona atatu mogundizana tsopano ankagona awiri, nkutsala nsalu yambiri yopanda ntchito m'mbali. Achemwali adati si nkhani yodwala nayo mutu, adule ochepa, zotsalazo asokere manja ndi timalaya ta ana. Koma Nasingano atayang'ana mulu wa zidutswa pansi pa tebulo, mtima udamuwawa ngati adula khungu lake. Adatsitsa patani ya laji pamsomali naimeta ndi sizasi, chala chimodzi mbali iyi, chala chimodzi mbali iyo. Adatero ndi mapatani onse, ndipo atawayala pansalu adagona atatu bwinobwino.

Achemwali adamuyang'ana. "Ngati wameta patani, meta ndi dzina lomwe," adatero. "Iyi tsopano ndi midiyamu."

Nasingano adakana. Adati makasitomala ake ochuluka ndi a laji, ndipo sangawauze kuti laji yatha pamashelefu ali odzaza. Adati nsaluyo ndi yotamuka, thupi la mzimayi limadzipezera lokha malo, ndipo chala chimodzi palibe amene angachimve. Achemwali adamukumbutsa kuti chala kutsogolo ndi kumbuyo, uku ndi uko, ndi zala zinayi kuzungulira munthu. Iye adayankha kuti shopu ndi yake, ndipo masamu adawasiya kusukulu. Atelala adaweramira makina awo. Masana a tsikulo Nasingano adasoka malebulo pa matisheti atsopanowo.

Madandaulo adayamba patapita milungu iwiri, koma adayamba monong'ona. Mzimayi ankabwera ndi tisheti m'chikwama, kudikira kuti ena atuluke, nkufunsa mwamanyazi ngati mwina padalakwika. Nasingano ankamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenaka nkuseka. Ankati banja likukoma, bambo akunyumba akusamala, mtendere ndiwo ukutuluka m'mbalimu. Mzimayiyo ankaseka nawo, dzanja likukokera bulauzi pamimba, nkugula ekisilaji, saizi yoposa laji, nkutuluka mutu uli pansi. Pamenepo Nasingano adaphunzira chinthu chimene sadayenera kuchiphunzira: mzimayi amafulumira kuimba mlandu thupi lake kusiyana ndi nsalu. Bodzalo silinkafuna kulidyetsa, linkadzidyera lokha m'mitima ya eni ake.

Mmodzi yekha ndiye adakana kuseka. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, mayi wa magalasi okhuthala, amene adavala laji ya kwa Nasingano kuyambira pamene shopu inali ndi makina amodzi. Adabwera Loweruka masana shopu ili yodzaza, naika tisheti patebulo la kutsogolo. Adalankhula mosakweza mawu, monga munthu wozolowera kuti akalankhula ana amakhala chete. Adati thupi lake amalidziwa kuposa mmene amadziwira njira yakwawo, masiketi ake onse akumukwana monga kale, ndiye sizingatheke kuti wanenepa kumtunda kokha ngati mtengo wa papaya. Azimayi ena amene ankasankha mitundu adasiya kusankha. Ena mwa iwo adali atabwezedwapo ndi nthabwala ya banja lokoma, ndipo makutu awo adaima.

Nthawi yomweyo Kabatani adalowa kuchokera kumasewera, malaya ali onyowa ndi thukuta. Adapereka moni kwa onse, nakoka laji yachikasu pashelefu, nalowa kuseri kwa katani. Kudamveka kulimbana pang'ono, kenaka adasuzumira, kenaka adatuluka. Tisheti idamumanga pachifuwa ngati bandeji, misoko ya m'khwapa ikulira, ndipo pansi idakana kufika m'chiuno.

"Amayi, iyi mwailemba bwino? Ikukana kutsika."

Kumapeto kwa chipinda sizasi ya achemwali idasiya kulira. Mphunzitsi adatembenuka nayang'ana mtsikanayo, kenaka adayang'ana mayi wake. Nasingano adaona maso onse ali pa iye. Choonadi chinali pamlomo, chachifupi, chosavuta kutchula. Koma akadachitchula, akadachitchula pamaso pa azimayi asanu ndi awiri, aliyense ali ndi pakamwa pake ndi anzake.

"Nawenso ukudabwa chiyani?" adatero akuseka. "Mmene umadyera muja, ngati chiswe chalowa m'thabwa, umati zikupita kuti? Tenga ekisilaji, usanding'ambire katundu."

Ena adaseka. Kabatani nayenso adayesa kuseka, koma kuseka kwake kudathera m'mano. Adadziyang'ana pagalasi lalitali lija, kutsogolo ndi cham'mbali, ngati akuona mlendo. Sadatenge ekisilaji. Adabwerera kuseri kwa katani navalanso malaya ake onyowa. Mphunzitsi adasiya tisheti yake patebulo pomwepo natuluka, ndipo sadapondemonso m'shopumo.

Tsono mwana akhoza kukayikira sikelo, akhoza kukayikira anzake, koma Kabatani sakadakayikira amayi ake pa nkhani ya muyeso. Kuyambira ali khanda adawaona akuyang'ana munthu kamodzi nkutchula chiuno chake osaphonya. Ngati iwo ati wanenepa, ndiye kuti wanenepa.

Zidayamba pang'onopang'ono, ngati msoko womasuka. Mmawa ankati wachedwa, nkutuluka mkate uli pambale. Madzulo ankati wadya kale kwa mnzake. Adafukula majuzi akale a bambo ake m'sutikesi nayamba kuvala amenewo, ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Kuseka kuja kudachepa. Nasingano ankaona zonsezi monga munthu amaonera mtambo ali pa ntchito: ankadziwa kuti ulipo, koma ankati sugwa lero. Makasitomala ena adayamba kumuyamikira kuti mwana wake wayamba kuoneka ngati wa pa kalendala, ndipo iye, m'malo mochita mantha, ankamwetulira.

Ntchito nayo idamuphimba maso. Kampani ina ya masitolo idamupatsa oda yaikulu, matisheti a antchito ake onse achizimayi, ndipo idamupatsa tsiku. Atayeza nsalu imene adali nayo adapeza kuti siikwana, ndipo mtundu umenewo udali utatha kwa ogulitsa. Akadakhala mayi wina, akadapita kukapepesa nkupempha masiku. Nasingano adayang'ananso mapatani pamisomali. Achemwali adamuuza mosapita m'mbali kuti sizasi yawo siikhudzanso katoni ameneyo. Iye adadikira kuti apite kukadya, natsitsa mapatani, nawametanso: chala m'mbali, zala ziwiri pansi. Popeza sankafuna mapatani amitundu iwiri m'shopu imodzi, matisheti a pashelefu nawonso adayamba kudulidwa pa omwewo.

Loweruka lotsatira, akusesa potseka, adapeza laji imodzi kuseri kwa katani, yotembenuzidwa, itatayidwa pakona. Adaipinda naibwezera pashelefu. Loweruka linalo adapezanso ina. Ulendo wachitatu adaona ndi maso ake: Kabatani adalowa mwakachetechete atelala ataweruka, natenga laji, nalowa kuseri kwa katani, ndipo adakhalako nthawi yaitali kopanda phokoso lililonse. Potuluka maso adali ofiira. Adati ndi fumbi la nsalu.

Nasingano adamvetsa zonse. Mwanayo adali atadzimana miyezi iwiri kuti abwerere mu laji, ndipo laji inkamuthawa. Iye akachepa, tisheti inkachepa kumuposa. Ankathamangitsa chinthu chimene amayi ake omwe ankachikokera kutsogolo ndi chingwe. Nasingano adaganiza zomusokera imodzi ya muyeso wakale, aike lebulo ya laji, aisiye pamwamba pa mulu. Koma mapatani akale adali atametedwa, ndipo kujambula ena pamaso pa achemwali kunali kuvomera. Adadziuza kuti oda ikangotuluka akhala naye pansi mwanayo. Kunali kutatsala milungu itatu yokha.

Achemwali sadadikire milungu itatu. Iwo analibe mwana wawo, ndipo Kabatani adamulera pamsana pawo amayi ake ali pa makina. Tsiku lina adamugwira dzanja pomulonjera ndipo zala zawo zidakumana kuzungulira mkono. Adamutengera panja namuuza zonse: za mipukutu, za sizasi, za zala zometedwa kawiri. Mtsikanayo adamvetsera, koma nkhani yotere sakadailandira kwa wina aliyense koma mwini wake. Adalowa m'shopu molunjika. Amayi ake adali ataima ndi bwana wamkazi wa ku kampani ija, amene adabwera kudzaona mmene ntchito ikuyendera, atanyamula tisheti imodzi m'manja akuyang'ana misoko.

"Amayi, amayi aakulu akuti mapatani munawachepetsa. Akuti laji si laji. Ndi zoona?"

Adafunsa ndi mawu otsika, ndipo m'maso mwake munali kupempha. Nasingano adakuona kupemphako. Adaonanso bwana uja atakweza nsidze.

"Amayi ako aakulu akalamba, maso ayamba kuwanamiza," adatero. "Amakukonda, ndiye akufuna kukusangalatsa. Muno saizi sinasinthepo chiyambire. Pita kunyumba, tili ndi alendo."

Kabatani adagwedeza mutu pang'ono, monga munthu amene wauzidwa zimene ankaziopa kale, natuluka. Achemwali adamva zonse ali pakhomo. Adadikira kuti mlendo apite, kenaka adachotsa choko kukhutu, naika sizasi patebulo mofatsa. Adati adapirira kunamiza azimayi a eni, ndipo Mulungu awakhululukire chifukwa cha kupirirako, koma sangaime m'chipinda mmene mayi akudula mwana wake ndi sizasi. Nasingano adawayankha kuti khomo ndi lomwe adalowera. Achemwali adatenga chikwama chawo namuka, patatha zaka khumi ndi ziwiri.

Oda idatuluka pa tsiku lake. Nasingano adadula yekha, msana ukuwawa, ndipo galimoto itanyamula makatoni adapuma mpweya waukulu nati mawa alankhula ndi mwana. Mawa lake kudabwera ntchito ina. Mkuja wake mwanayo adachoka mmamawa. Tsiku lachinayi, cha m'ma teni koloko, foni idalira. Anali mphunzitsi wa masewera. Kabatani adagwa pabwalo mpira uli m'manja, ndipo sadadzuke.

Kuchipatala adampeza atagona pabedi la pafupi ndi zenera, diripi kudzanja, waya wa makina pachifuwa. Achemwali adali atafika kale, atakhala pampando, ndipo sadatembenuke. Namwino adakweza juzi ya bambo ija kuti akonze waya, ndipo Nasingano adaona thupi la mwana wake koyamba m'miyezi itatu. Maso ake, amene sankaphonya muyeso wa munthu, adayeza okha asadawatume. Nthiti zinkawerengeka. Mapewa aja adatsala ngati hang'ala yopachikapo malaya. Miyendo imene inkatchedwa khoma inali ngati ya mpando. Mwana ameneyu akadalowa mu simolo yakale nkutsala malo.

Dokotala, mayi wa imvi zochepa ndi mawu otopa, adamuitanira pakhonde. Adati mtima wa mtsikanayo wafooka chifukwa thupi lakhala likudzidya lokha, magazi achepa, ndipo akadachedwa mlungu umodzi bwenzi akukamba zina. Adafunsa kuti mwanayo adamuona liti komaliza akudya mbale yathunthu. Nasingano sadalikumbuke tsikulo. Dokotala adafunsanso ngati pali chimene chidachitika, mawu amene wina adanena, pakuti matenda otere kawirikawiri amakhala ndi khomo lolowera. Nasingano adati sakudziwa. Linali bodza lake lomaliza.

Kabatani adatsitsimuka masana. Tsiku lachiwiri, achemwali atatuluka kukachapa, Nasingano adakokera mpando pafupi ndi bedi. Adafotokoza zonse kuyambira pa mpukutu woyamba. Sadadzichepetsere mlandu. Adati tsiku lija la tisheti yachikasu thupi lake linalibe vuto lililonse, linali lomwe lija la masiku onse, lokongola, la bambo ake. Adati amayi aakulu adanena zoona, wabodza ndi iye. Adalira, iye amene sadalire ngakhale pamene ankaika mwamuna wake.

Mtsikanayo adamvetsera akuyang'ana kudenga. Atatha adatembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Adokotala ndi amene akutumani kuti munene zimenezi?"

Nasingano adalumbira kuti palibe adamutuma.

"Ndinakufunsani, amayi. Kawiri. Munandiyang'ana m'maso." Adapuma, pakuti kulankhula kunkamutopetsa. "Panopa mukufuna ndidye, ndiye munena chilichonse. Musadandaule, ndikumvetsa."

Adatseka maso. Nasingano adakhala pampandopo manja ali pamiyendo. Bodza adalinena kawiri ndipo lidalowa ngati madzi mumchenga. Choonadi adachinena ndi misozi ndipo chidagunda pakhoma nkubwerera. Adathamangira ku shopu, natenga mapatani, nabwera nawo kuchipatala kuti mwanayo aone m'mbali mometedwa. Kabatani adawayang'ana pang'ono nati katoni aliyense akhoza kumudula lero lomwe.

Zina zonse zidagwa motsatana, koma Nasingano ankazimva ngati phokoso la kutali. Makatoni a kampani ija adabwerera onse. Antchito achizimayi adakana kuvala, ena misoko idawaphulikira ali pakauntala, ndipo bwana uja, amene adali asadaiwale funso la mtsikana wa juzi, adatenga tepi nayeza yekha. Nkhani idayenda m'misika ndi m'mabasi. Azimayi amene adapita kwawo mitu ili pansi adazindikira kuti sadanenepe, adanamizidwa, ndipo mkwiyo wa munthu amene wachititsidwa manyazi ndi thupi lake suzirala msanga. Palibe adabwera kudzatukwana. Adangosiya kubwera. Atelala awiri adapeza ntchito kwina. Nasingano adajambula mapatani atsopano a muyeso woona, nadzaza mashelefu, ndipo matishetiwo adakhala pamenepo akusonkhanitsa fumbi.

Kabatani adakhala m'chipatala milungu isanu. Mayeso a chaka chimenecho adamudutsa, ndipo dokotala adati za mpira aziiwale kaye, mwina kwa nthawi yaitali. Tsiku lotuluka adapempha chinthu chimodzi, ndipo adapempha kwa dokotala, osati kwa amayi ake: kuti akakhale kwa amayi aakulu. Dokotala adati ndi bwino wodwala akhale kumene angathe kudya. Nasingano adanyamula yekha chikwama cha mwana wake mpaka pa galimoto, nabwerera kunyumba kopanda munthu.

Kuchira kwake kunali kwa kamba. Achemwali ankakhala naye patebulo ola lathunthu chifukwa cha mbale imodzi, osamukakamiza, osamuchotsa diso. Masiku ena zinkatheka, masiku ena ayi. Nasingano ankaloledwa kubwera Lamlungu masana. Ankakhala pabalaza, kufunsa za mankhwala, kuyankhidwa mwaulemu. Mwana wake ankamupatsa ulemu wonse umene munthu amapatsa mlendo.

Patapita miyezi itatu, nkhope itayamba kubwerera, Nasingano adasoka tisheti imodzi. Adasankha nsalu yofewa kuposa zonse, adadula yekha, adasoka yekha msoko uliwonse, ndipo sadaikepo lebulo. Adaikulunga m'pepala napita nayo. Adapeza achemwali akusita pakhonde, Kabatani atakhala pafupi nawo akuwerenga, atavala malaya aakulu a amuna.

Mtsikanayo adalandira ndi manja awiri nathokoza. Adaitambasula pamiyendo. Kenaka zala zake zidapita pakhosi pa tishetiyo, zikufufuza, kutembenuza kolala uku ndi uku.

"Ndi saizi yanji?"

"Ilibe saizi, mwanangu. Ndi yako basi. Ndasokera iwe."

Kabatani adaiyang'ana nthawi yaitali. Nasingano adaona kuti mwanayo akuifuna, pakuti mtundu wake unali umene ankaukonda. Koma mtsikanayo adachotsa manja pa kolala.

"Ikandithina ndidziwa bwanji kuti ndi ine kapena ndi inu?" adatero. "Ikandikwananso ndidziwa bwanji?"

Adaipinda bwinobwino, manja m'kati, monga adaphunzirira m'shopu ali mwana, naibweza m'pepala, naipereka kwa amayi ake ndi manja awiri. Achemwali adaimika simbi osayang'ana aliyense. Nasingano adalandira. Mawu onse akuthwa amene adakhala nawo moyo wake wonse adamuthawa, ndipo adangoti dzuwa lapendeka, ayambepo.

Adayenda wapansi njira yonse, kaphukusi kali m'khwapa. Pamene ankameta katoni uja ankati akumeta azimayi osawadziwa, a mayina osawakumbuka, amene adzapita kwawo nkukadziimba okha mlandu. Sadaganize kuti shelefu imene ankaikapo bodza lake ndi yomweyo imene mwana wake ankatengapo chovala. Akuluakulu adaziona kale zotere, ndipo sadataye mawu ambiri: choipa chitsata mwini.